Funsani Dokotala: Valavu yachitsulo kapena ya nyama?

A Dokotala,

Ndine mayi wa zaka 29. Chiyambire chaka chatha ndikangoyenda kamtunda pang'ono ndimachita befu, ndipo usiku ndimagona chotsamira mapilo atatu. Atandijambula mtima anandiuza kuti valavu (kachitseko ka mu mtima) yotchedwa mitral inawonongeka ndi matenda omwe anayamba ngati zilonda zapakhosi ndili mwana, choncho pakufunika opaleshoni. Dokotala anati mwa anthu 100 onga ine, pafupifupi 3 amatsikira kuli chete. Kenako anati ndisankhe ndekha, valavu yachitsulo kapena yochokera ku nyama. Mwana ndili naye mmodzi, ndikufuna wina. Amuna anga awerenga pa intaneti kuti kunabwera mapiritsi osalira kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndiye akuti ndingotenga yachitsulo. Amalume nawo akuti madokotalawa akungofuna kuphunzirira pa ine. Nambala ya 3 ija anaitenga kuti? Nanga ndimvere ndani?

Mayi wosowa tulo

Mayi,

Ntchito yanga ndi yogonetsa anthu ku fiyeta. Ndimaima kumutu kwa wodwala kuyambira pomwe akutseka maso mpaka mtima wake, umene timachita kuuimitsa dala kuti anzathu asoke bwino, utayambanso kugunda wokha. Funso lanuli ndalimva kambirimbiri, makamaka madzulo oti kukacha ndi opaleshoni, abale atabalalika. Mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo.

Nambala ija dokotala wanu sanailote. Madokotala a mtima amalemba zotsatira za ntchito yawo. Ku America bungwe la Society of Thoracic Surgeons linayamba kuzisonkhanitsa mu 1989. Palinso chowerengera chotchuka cha EuroSCORE II, chomwe anachipanga potsata odwala 22,381 a m'zipatala 154 za m'mayiko 43. Dokotala amalowetsamo zaka zanu, mmene impso zikugwirira ntchito, mphamvu ya mtima popopa magazi, ngati munang'ambidwapo kale pachifuwa, ndi zina, kompyuta nkutulutsa nambala.

Koma mudziwe chimene nambalayo imawerenga. Kawirikawiri ndi anthu amene anamwalira asanatuluke m'chipatala kapena pasanathe masiku 30, basi. Amene anadzuka ndi sitiroko, amene impso zinawavuta, amene bala linachita mafinya, onsewo ali m'gulu la 97 lija. Za chaka chachikhumi mulibemo. Ndiponso ambiri mwa odwala 22,381 aja anali achikulire a zaka za m'ma 60, osati amayi a zaka 29 ofuna kubereka. Ndiye mukabwererako mukafunse kuti: 3 ameneyu ndi wa kompyuta kapena wa m'kaundula wa chipatala chino? Chaka chatha munasintha mavalavu a mitral angati, ndipo anthuwo zinawathera bwanji? Dokotala wodziwa ntchito yake sapsa mtima ndi funso limeneli. Amene angapse mtima, nanenso ndingamukayikire.

Pali nambala ina imene palibe wakuuzani, ya kungokhala osachita kanthu. Kafukufuku wa REMEDY anatsatira anthu 3,343 odwala matenda ngati anuwa m'mayiko 12 a mu Africa komanso ku India ndi ku Yemen. Theka la iwo anali asanapitirire zaka 28, ndipo amayi ndiwo anachuluka. Pokwana zaka ziwiri, pafupifupi 17 pa 100 alionse anali atamwalira, ndipo ambiri amene ankafunika opaleshoni sanaipeze. Mapilo atatu mukunenawo ndi chizindikiro choti madzi ayamba kudzadza m'mapapo mukagona chagada. Kudikira nako kuli ndi mtengo wake.

Amalume musawanyoze, mantha awo ali ndi pochokera. M'zaka za m'ma 1950 kunatchuka opaleshoni yomanga mitsempha iwiri ya kuseri kwa fupa la pachifuwa pofuna kuthetsa ululu wa mtima. Odwala ankayamikira, madokotala ankanyadira. Mu 1959, Leonard Cobb ndi anzake ku Seattle anatenga odwala 17: 8 anawamangadi mitsemphayo, 9 anangowacheka khungu nkusoka. Magulu onse awiri anati akupezako bwino mofanana. Opaleshoniyo inafera pomwepo. Kuphunzirira pa munthu kwenikweni kunali kuja kocheka anthu popanda wowerenga zotsatira. Kusintha valavu si zachilendo: Albert Starr anaika bwinobwino valavu yopanga ya mitral mu 1960 ku Portland, kampira kotsekeredwa m'kakhola. Ndipo mukanakhala kuti akukulowetsani mu kafukufuku, akanakupatsani chikalata chofotokoza zonse kuti musayine, muli ndi ufulu wokana popanda kumanidwa chithandizo.

Tsopano pa mavalavu. Imene timaitcha yachitsulo, tizitseko take tiwiri nta kaboni wolimba kwambiri, ndipo siitha wamba. Nthawi zambiri imakhalapo moyo wonse. Imalira. Usiku m'wodi mukakhala zii, ndimatha kudziwa bedi la munthu wa valavu imeneyi ndisanatsegule fayilo, kumangomveka the, the, the, ngati wotchi yapamkono. Vuto lake magazi amakonda kuundana pamenepo, ndiye mwini wake amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse mpaka kalekale, nkumayezetsa magazi pa muyezo wotchedwa INR, womwe kwa valavu ya mitral timafuna uzikhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ukatsika, valavu imatha kutsekeka kapena kuponya chibuma cha magazi ku ubongo. Ukakwera, munthu amataya magazi m'nkhama, m'mimba, ngakhale m'mutu. Mankhwala ena amasokoneza muyezowu, monga rifampicin wa TB amene amaugwetsa kwambiri.

Sindidzaiwala mnyamata wina amene anachira bwino mpaka kuyambiranso kuthamanga. Poona kuti ali bwinobwino, anasiya warfarin kwa milungu ingapo. Anabwera naye pakati pa usiku atakhala tsonga pa machira, thukuta lili kamukamu, akulephera kumaliza ngakhale dzina lake. Nditaika chomvetsera pachifuwa, kawotchi kaja sikankamveka. Tinamutsegulanso usiku womwewo ndipo anapulumuka, koma pang'onong'ono.

Amuna anu awerenga zoona, kungoti si zanu. Mapiritsi atsopanowo alipodi ndipo amathandiza pa matenda ena, koma pa valavu yachitsulo anayesedwa nkulephera. Mu kafukufuku wa RE-ALIGN wa mu 2013 munalowa odwala 252, ena anapatsidwa dabigatran, ena warfarin, mochita maere. Anamuimitsa asanathe: kumbali ya dabigatran anthu 9 anachita sitiroko, kumbali ya warfarin panalibe ndi mmodzi yemwe, ndipo otaya magazi anachulukanso ku mankhwala atsopanowo. Apixaban naye anayesedwa pa valavu yachitsulo yoikidwa m'malo mwa valavu ina ya mtima yotchedwa aortic, kafukufukuyo nkuimitsidwanso mu 2022 chifukwa cha kuundana kwa magazi. Mukasankha yachitsulo, mwasankha warfarin. Auzeni choncho, kapena bwino koposa mupite nawo akadzimvere okha.

Valavu ya nyama amaipanga kuchokera ku valavu ya nkhumba kapena ku kathumba kokuta mtima wa ng'ombe. Ilibe phokoso, ndipo ngati mtima wanu ukugunda mwadongosolo, warfarin mumangomwa miyezi yochepa yoyambirira. Koma imakalamba. Kwa achikulire imatha zaka 10 mpaka 15 kapena kuposerapo. Kwa achinyamata imauma msanga, nthawi zina zaka 10 zisanakwane. Pa zaka 29, kuisankha nkuvomereratu kuti mudzagonanso pa tebulo lathu, ndipo opaleshoni yachiwiri imavutirapo chifukwa mtima umakhala utamatirira ku zipsera za yoyamba.

Mwina dokotala adzakutchulirani kafukufuku wa ku California wa mu 2017, amene anaona odwala oposa 15,000 osinthidwa valavu ya mitral. Mwa a zaka 40 mpaka 49, patatha zaka 15 anali atamwalira 44 pa 100 a valavu ya nyama ndi 27 pa 100 a yachitsulo. Kusiyana kwake nkwakukulu, sindikubisirani. Komabe apa sanachite maere. Madokotala ndi odwala anasankha okha, ndipo nkutheka kuti ofooka kale ndiwo ankapatsidwa ya nyama. Chinanso, wamng'ono kwambiri m'gululo anali ndi zaka 40. Inu simunawerengedwemo.

Kumene munawerengedwa ndi ku kaundula wa ROPAC, wa amayi oyembekezera odwala mtima. Mu 2015 anatulutsa zotsatira za amayi 212 a valavu yachitsulo ndi 134 a ya nyama. Amene anafika pobereka mwana wamoyo popanda vuto lalikulu anali 58 pa 100 kumbali ya chitsulo ndi 79 pa 100 kumbali ya nyama. Chifukwa chake nchakuti warfarin amadutsa kukafika kwa mwana, amatha kumulumaza makamaka pakati pa sabata 6 ndi 12, komanso amachititsa kupita padera. Mukasinthira ku jakisoni wa heparin, amenenso amaletsa magazi kuundana, mwana amatetezeka, koma valavu ya mayi ndiyo imakhala pachiswe.

Mwafunsa kuti mumvere ndani, ndiye ndinena maganizo anga. Mukanakhala mchemwali wanga, choyamba ndikanafunsa ngati valavu yanuyo singakonzeke osaichotsa. Ngati inangothina osati kudontha, ena amawatsegula ndi kabaluni kolowetsera pa mtsempha wa m'mphechepeche, njira imene Kanji Inoue wa ku Japan anaifalitsa mu 1984, osang'amba chifuwa nkomwe. Si aliyense amene zimamuyenera, koma funsani. Zikakanika, ndipo mwana wachiwiriyo mukumufunadi kuchokera pansi pa mtima, osati chifukwa choti ena akukufunsani, ndikanapendekera ku ya nyama, ndikudziwa kuti ndasayinira maopaleshoni awiri. Malangizo a madokotala a mtima a ku Ulaya nawo amati mayi wachitsikana wofuna kudzabereka aganiziridwe valavu imeneyi. Ngati mutasinkhasinkha mwaona kuti mmodziyo akukwanirani, ndipo kuyezetsa INR mwezi ndi mwezi simudzajomba, yachitsulo ndi yabwino.

Pakadali pano musatenge pathupi. Valavu yowonongeka ndi mimba siziyenderana, ndiye kambiranani za kulera sabata ino. Jakisoni wa penisilini, woteteza kuti matenda anawononga valavu aja asabwerere, musamusiye, ngakhale opaleshoni itachitika. Kaonetseninso mano, chifukwa tizilombo ta m'dzino lobooka timakonda kukamanga msasa pa valavu yatsopano. Mukadzadzuka mudzapeza mapaipi awiri kapena atatu akutuluka m'munsi mwa bala, ndipo fupa la pachifuwa lidzakhala lomangidwa ndi mawaya omwe sachotsedwa. Anamwino adzakupatsani pilo woti muzikumbatira potsokomola. Kutsokomolako kumawawa, koma tsokomolani ndithu kuti mapapo atseguke. Kwa milungu 6 mpaka 8 mwana wanu azikwera yekha pamwendo panu, inu musamunyamule.

*

A Dokotala,

Bambo anga a zaka 63 awapeza ndi kachotupa ka khansa m'phapo, kosakwana masentimita awiri. Madokotala akuti angochotsa kachigawo kakang'ono kudzera pa timabowo. Ife ana tikuona ngati akuwachitira zachidule. Si bwino kuchotsa chachikulu kuti zitheretu?

Mwana wawo woyamba

Achimwene,

Mukanafunsa zaka 20 zapitazo ndikanakuvomerezani. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zikuluzikulu zitatu, lakumanzere ziwiri, ndipo chilichonse chimagawikanso m'tizigawo. Kafukufuku wa mu 1995 wa Lung Cancer Study Group anapeza kuti ukachotsa pang'ono, khansa imabwerera pamalopo kuwirikiza pafupifupi katatu, choncho kwa zaka zambiri lamulo linali lochotsa chigawo chonse. Koma nthawi imeneyo zotupa zinkaoneka zitakula kale. Makina ojambula m'thupi a CT atayamba kugwira tating'onoting'ono, funsolo linafunsidwanso. Ku Japan anachita maere pa odwala 1,106 a zotupa zosapitirira masentimita awiri za chakunja kwa phapo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2022: patatha zaka 5, amoyo anali 94 pa 100 mwa ochotsedwa kachigawo ndi 91 pa 100 mwa ochotsedwa chigawo chonse. Kubwerera kwa khansa pamalopo kunachulukirako kwa a kachigawo, pafupifupi 10 pa 100 poyerekeza ndi 5. Kafukufuku wina wa odwala 697, wotsogoleredwa ndi Nasser Altorki wa ku New York, anapeza mu 2023 kuti njira ziwirizi zikufanana.

Za timabowo musade nkhawa. Ku Britain, kafukufuku wa VIOLET wa odwala 503 anasonyeza kuti ochitidwa ndi kamera amamva ululu wochepa ndipo amapeza mphamvu msanga kusiyana ndi ong'ambidwa pakati pa nthiti.

Kafunseni zinthu ziwiri: ngati adzayeza timwanabele ta pakati pa chifuwa opaleshoni ili mkati, ndi zimene adzachite akapeza kuti khansa yafikamo, chifukwa zikatero amayenera kuchotsa chigawo chonse. Mufunsenso kuti bambo azidzajambulidwa kangati m'zaka 5 zikubwerazi. Ngati amasuta, asiye lero. Ngakhale milungu inayi yokha opaleshoni isanachitike imachepetsa mavuto a m'mapapo pambuyo pake.