Kodi kukapereka gasi pakhomo kungakweze bizinesi?

Mayi wina wa ku Area 25, yemwe amagulitsa gasi wophikira, wanditumizira imelo. Akufuna kuyamba kulandira maoda pa WhatsApp n'kumatumiza masilinda pakhomo ndi kabaza, koma amuna awo akuti kumeneko n'kutaya ndalama. Akufunsa ngati njira zatsopano zothandizira makasitomala zimakwezadi phindu.

Mayi, zimakweza ndithu, ngati zikumuchotsera kasitomala mtolo womwe ukumulemera. Taonani Airtel Money yomwe inayamba kuno mu 2012, ndi Mpamba ya TNM chaka chotsatira. Kwacha ndi yomweija. Chinasintha n'chakuti munthu wa ku Kawale wofuna kutumiza ndalama kwa amayi ake ku Dedza anasiya kupatsira kondakitala wa minibasi. Makampaniwa amapeza kangachepe pa ndalama iliyonse yotumizidwa, ndipo munthu chala chikazolowera *211# kapena *444# sataya msanga simukhadi yake. Chuma chawo chagona pa kasitomala wobwerabwera.

Mtolo wa kasitomala wanu mukuudziwa bwino kuposa ine. Gasi amatha nthawi yoipa: madzulo, magetsi azima, phala la nsima likubwadamuka, ana akuyasamula. Amene angafike ndi silinda yodzaza mphika usanazizire, nambala yake imasungidwa pafoni, ndipo mawa mayi woyandikana naye nyumba adzaipempha.

Koma nawonso amuna anu sakulankhula zopanda mutu. Kabaza amafuna yake, bandulo ndi ndalama, kukatapa kwa ejenti amadulanso. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa njinga yamoto aliyense amawerengera mafuta ake mosamala. Miyezi yoyamba phindu likhoza kuoneka ngati latsika, musadabwe nazo.

Ine ndikanayamba ndi 25A, 25B ndi 25C basi, ku Area 49 n'kudikira kaye. Mtengo wa kabaza muuzeni kasitomala asanalipire. Mnyamata azinyamula sikelo yaing'ono, silinda aziipima pakhomo mwini wake akuona, chifukwa madandaulo a gasi wosakwana ndi amene amathamangitsa anthu mwakachetechete. Ndipo chonde, musalonjeze mphindi 30 pomwe muli ndi njinga imodzi.

Gulani kope la masamba ambiri. Muzilemba dzina, tsiku, makilo ndi zomwe mwawononga paulendo uliwonse. Pakatha miyezi itatu, khalani pansi ndi bambo, muwerenge kuti ndi angati omwe agula kachiwiri ndi kachitatu, kenaka mundilemberenso.