Bulangete langa analiwiritsa ngati sanza

Mwafunsa ngati majuzi omwe mwalukira adzukulu anu mungawapatse kuti apite nawo kwawo. Ayi mayi anga, musawapatsire kaye majuziwo kuti apite nawo. Adzukuluwo akabwera pa holide azivala ali kwanu konko, pochoka muwavule, mpaka mutaona ndi maso anu mmene mayi awo amachapira zovala. Ndangowerenga zanuzi mtima wanga wayambanso kuthamanga, ngakhale zinandichitikira kale ndithu.

Ine ndinaluka bulangete la mdzukulu wanga wamng'ono, khanda la mwana wanga wamwamuna. Wulu wake unali weniweni, wa ubweya wa nkhosa, osati akiriliki wopangidwa kuchokera ku mafuta uja. Inu oluka mukudziwa, wulu wapakatikati pa singano za mamilimita 4 umakupatsani masitichi 22 ndi mizere 30 pa masentimita 10. Bulangete la masentimita 80 m'lifupi ndi 100 m'litali ndiye kuti masitichi 176 mzere uliwonse, mizere 300. Chulukitsani nokha, apitirira 52,000, ndipo lililonse linadutsa pa zala zangazi. Ndinaikamonso zingwe zopiringizana zija zofuna kasingano kachitatu, zomwe ukangoiwala kuwerenga mzere umodzi chingwe chimapindikira kolakwika. Ndinkaluka usiku ndikachoka kumunda, ziweto zitalowa m'khola, nyali ili pafupi ndi mphuno. Manja a khasu amakhala okhakhala, amakola ulusi, ndiye ndinkayamba ndadzola mafuta n'kudikira kuti alowe ndisanagwire wulu woyerawo.

Mwana wangayo ndi banja lake anafika madzulo, galimoto ili fumbi lokhalokha. Ana awo akuluakulu awiri anatsika n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku asanandipatse ndi moni yemwe, ine kusangalala. Nditatulutsa bulangete lija, mpongozi wanga analigwira ndi zala ziwiri, n'kunena kuti, "Amayi, kodi siliyabwa limeneli?" Kenaka akuti mwana wosakwana chaka samufunditsa bulangete lolemera pogona. Izo n'zoona, sindikutsutsa, khanda likhoza kudziphimba kumaso n'kubanika. Koma ine ndinalukira kuti azimufunditsa ali m'manja kapena kumuyalira pansi masana munthu ali pomwepo. Zikomo sindinamumve. Ndinangomeza malovu, mwana wa eni ake.

Kutacha ndinalawirira kukamwetsa mbuzi. Usiku mwanayo anali atabwezera mkaka pa bulangete lija, kadontho kakang'ono koti ukanangopukuta ndi kansalu konyowa. Pobwera ndikuona utsi kuseri kwa nyumba. Ndifike, mphika wanga waukulu uli pamoto, madzi ali bwatabwata, thovu la sopo wa ufa likusefukira, mpongozi akutakasa ndi mtengo dzanja limodzi, linalo lili ndi foni kukhutu. Ndinaganiza kuti ndi matewera. Ndiye anavuula ndi mtengo uja, ine kuona zingwe zanga zopiringizana zikutuluka nthunzi. Mawu anandithawa. Ndisanafike n'komwe analiponya pa mwala wochapira, kulifikisa, kulimenya, kenaka khuvu mu ndowa ya madzi ozizira a pachitsime. Chilichonse chomwe ubweya sufuna anachichita m'mawa umodzi, motsatizana bwino ngati wachita kuphunzira.

Kwa amene simukudziwa, kaubweya kalikonse ka nkhosa kali ndi timamba tating'onoting'ono. Madzi otentha ndi sopo amatitukula, mukamafikisa timakolana, ndipo tikakolana sitimasukanso. Si ngati nsalu ya thonje yomwe imangofota pang'ono n'kubwerera ukaikoka. Ndinalitola m'ndowamo manja akunjenjemera. Linali litakhwinyata, lolemera, lolimba ngati chikopa chouma, masitichi osaonekanso, zingwe zija zitangosanduka timabampu. Ndinalikoka uku ndi uku, ndinaponda mbali imodzi n'kukoka inayo, ayi ndithu. Kumasula kuti ndipulumutseko wulu, kosatheka, ulusi wonse unali utagwirana kukhala chinthu chimodzi. Mwana yemwe ndinamulukira uja sakanakwananso kugonapo.

Mpongozi anachotsa foni kukhutu n'kuti, "Ii, lachepa bwanji? Ndimafuna kupha majeremusi." Majeremusi! A m'nyumba mwanga, eti. Ana anga onse anakulira m'nyumba imeneyi, kuphatikizapo mwamuna wakeyo, palibe anafa ndi bulangete.

Ndikanati zathera pomwepo. Ndikulowa m'nyumba kuti ndikalire pandekha, ndikupeza chitseko cha chipinda chomwe ndimawombera nsalu chili pululu. Pa chowombera changa panali nsalu ya pathebulo yomwe ndinali nditafika nayo pakati. Mdzukulu wanga wamwamuna, wazaka zisanu panthawiyo, ali khale pansi, sizasi yanga m'manja, ulusi uli mbwee pamiyendo. Amafuna chingwe chokokera galimoto yake ya mawaya. Anadula ulusi wa m'litali, uja umakhala wokungika, kuyambira m'mphepete mpaka kupitirira pakati. Ulusi wokungika ukadulidwa suima, umathawira kumbuyo n'kusolokoka m'timaso ta chowombera tomwe umadutsamo. Owomba mukudziwa kuti ntchito yeniyeni si kudutsitsa ulusi wopingasa, imeneyo ndi yosangalatsa, umatha kuimba. Ntchito ndi kuyala wa m'litali, kuuyeza kuti ufanane, kulowetsa uliwonse m'kadiso kakekake mwadongosolo, n'kuukunga mofanana kuti nsalu isapotoke. Ukaduka umodzi kapena iwiri si nkhani. Umatenga wina, kuulowetsa m'kadiso komweko, kutsogolo kuukulunga pa kapini kobayidwa pansalu, kumbuyo kuumangirira kanthu kolemera kuti ukoke, ukamaliza n'kusokerera nsongazo. Koma theka lonse? Ndinangodula yonse n'kuchotsapo.

Mwanayo ndilibe naye mlandu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, onani chingwe changa chachitali." Wazaka zisanu adziwa chiyani? Funso langa n'lakuti sizasi yakuthwa chonchija inafika bwanji m'manja mwake anthu akuluakulu awiri ali pakhomo, wina akuwiritsa ntchito yanga, winayo ali gone pa mpando pansi pa mtengo. Akanadzibaya m'diso bwenzi akuti kwa agogo kulibe chisamaliro.

Ndipo amene anandipweteka kwambiri si mpongozi ayi. Ndi mwana wanga wobereka ndekha. Anadzuka pa mpando paja, kuyang'ana bulangete, kuyang'ana chowombera, n'kuseka. "Amayi, ndi ulusi chabe uwu, tikugulirani bulangete lina labwino." Labwino. Mwana amene anapita kusukulu nyengo yozizira iliyonse atavala juzi yotuluka m'manja mwangamu, manja a juziyo ndinkachita kuwamasula n'kuwonjezera akamakula, lero akuti ulusi chabe. Bambo ake, omwe amaluka madengu, anali pakhonde akusenda nsungwi zawo, anangoika mpeni pansi n'kupita kumunda osanena kanthu. Iwo amadziwa. Munthu amene sanapangepo chinthu ndi manja ake amaona ngati zinthu zimamera m'masitolo. Pochoka mpongozi anati bulangete lija likhoza kukhala chopondera pakhomo chabwino poti lalimba. Ndinamuyang'ana mpaka anayang'ana kumbali. Pepani sanabwere tsiku limenelo, sanabwerenso mpaka lero, ndipo bulangete lina lija sindinalione.

Ndinalumbira kuti a nyumba imeneyo sindidzawalukiranso ngakhale sokosi imodzi.

Ndiye mayi anga, ngati mukufunabe kuti zoluka zanu zipite nawo, yang'anani kaye kapepala kokulunga wulu. Kakalembedwa kuti akiriliki, mtima pansi, ameneyo amapirira kuchapa kwa anthu osasamala, koma muwauze kuti asayerekeze kusita kapena kuyanika pafupi ndi moto, chifukwa amasungunuka n'kusalala, osabwereranso. Ulipo wulu wina wa nkhosa wolembedwa kuti superwash, timamba take anatifafaniza ndi mankhwala n'kuukuta, umenewo sukolana msanga. Koma ukakhala ubweya wamba, kapepalako kamakhala ndi chithunzi cha beseni lokhala ndi dzanja, kutanthauza kuchapa pamanja basi, m'madzi osatentha. Kuviika, kufinya pang'onopang'ono osapotokola, kutsukuluza m'madzi ofunda mofanana ndi oyamba aja, kukulunga m'thaulo kuti madzi achoke, n'kuyala pansi pamthunzi. Mukapachika pachingwe juzi yonyowa imalemera n'kutalika mpaka m'mawondo. Kapepalako mukasunge, kalinso ndi nambala ya utoto. Wulu ukakutherani n'kugula wina wa nambala ina, mtundu umasiyana pang'ono, usiku simuona, koma padzuwa mzere umaonekera pachifuwa penipeni.

Za mabatani ndi zingwe za m'khosi pa zovala za makanda, musaike, amatafuna n'kumeza. Ndipo lukani zokulirapo. Mwana mukamuyeza holide ino, ikamafika nyengo yozizira manja atalika kale.

Chomwe chili pa singano alendo akamabwera, dutsitsani kaulusi kena ka mtundu wina m'masitichi onse a mzere womwe mwalekezera, mumange. Wina akasolola singano, ndipo adzasolola, ntchito imaima pa kaulusi kameneko osatsika mpaka pansi. Sizasi, mapini ndi singano zikwere pamwamba. Chipinda chowombera chikhale ndi loko, kiyi m'khosi mwanu.

Komabe musawatsekere kunja anawo, amangokhala ndi chidwi chofuna kuona chomwe mukubisa. Apatseni zawozawo. Adzukulu angawa agogo awo aamuna anawakhomera kathabwa ka makona anayi, misomali yaing'ono pamwamba ndi pansi, n'kukunga ulusi wa thonje, ine n'kuwapatsa zotsalira za wulu. Amakhala chete pakhonde akudutsitsa pamwamba, pansi, pamwamba, pansi, m'mbali mukulowa m'kati chifukwa amakoka kwambiri, koma asiyeni. Mdzukulu wanga wamkazi wamkulu uja amanditambasulira manja ndikamakulunga wulu, ndipo pamenepo m'pamene amandiuza zonse za kusukulu ndi za kunyumba kwawo zomwe makolo ake sakanafuna kuti ndimve. Wa sizasi uja maso ake ndi akuthwa kuposa anga, ndiye masiku ano ndi amene amandilowetsera ulusi m'timaso ta chowombera. Sizasi yokha sindimupatsa.

Ndipo musakangane ndi mpongozi wanu, chonde. Ine ndinakhala nthawi yaitali osamuyankha mafoni ndipo anayenera, koma inu musatero, chifukwa amene amalongedza zikwama za ana pa holide ndi iyeyo. Akakwiya mudzangomva kuti chaka chino ana ali ndi maphunziro apadera. Muchapireni juzi imodzi iye akuona, osalalikira, aone yekha kuti madzi ake ndi otani. Mwina wanuyo ali ndi makutu.

Kunena zoona akiriliki ine sindimukonda pa mwana, amamutuluka thukuta n'kumusiya wonyowa, pomwe ubweya umamwa chinyezi chambiri mwana ali wofundabe. Za kuyabwazo, pezani wa nkhosa za merino, ubweya wake ndi wopyapyala, subaya khungu. Ndi umene ndagwira pano, ndikulukira wamng'ono uja juzi ya mabatani a kutsogolo poti wakula tsopano, ndipo akabwera apita nayo, ndingatani, kwawoko kumazizira. Nanunso ngati ana akula msanga apatseni basi, juzi yosungidwa m'sutikesi imangodyedwa ndi njenjete, makamaka ikasungidwa yosachapa, ndipo holide yotsatira siwakwananso. Tajambulani kapepala ka wulu wanuwo muike pansi apa tione kuti ndi wotani.