Kodi dzina la mulungu wa Asuri loti Nisroch likutanthauza chiwombankhanga?

Mphunzitsi wina wa Sande Sukulu watilembera imelo. Akuti pa 2 Mafumu 19:37 ndi Yesaya 37:38 anawerenga kuti Sennacherib, mfumu ya Asuri, inaphedwa ndi ana ake ikupembedza m'nyumba ya Nisroch, amene m'Baibulo lathu amalembedwa kuti Nisiroki. Anamva kuti dzinali limatanthauza chiwombankhanga ndipo akufuna kudziwa ngati n'zoona.

Aphunzitsi, musawaphunzitse choncho anawo. Dzinali lilibe tanthauzo m'Chiheberi, ndipo pa mapale ochuluka adongo olembedwapo amene afukulidwa m'mizinda yakale ya Asuri ya Nineveh ndi Kalhu palibe pamene patchulidwa mulungu wa dzina limeneli. Za imfa ya mfumuyo zokha ndiye umboni ulipo: mbiri ya ku Babylon imati mwana wake anaipha pa 20 mwezi wa Tebet, m'chaka cha 681 Yesu asanabadwe, ndipo mwana wake wina, Esarhaddon, analowa ufumu.

Nkhani ya chiwombankhanga inayamba chifukwa m'Chiheberi mbalameyi imatchedwa nesher. Wofukula zakale Austen Henry Layard atayamba kufukula ku Nimrud (Kalhu wakale uja) mu 1845 anapeza zosema za anthu amapiko a mitu ya chiwombankhanga, ndipo ambiri anangoti Nisroch uja ndi ameneyu. Lero tikudziwa kuti zosemazo ndi apkallu, mizimu yoteteza nyumba ya mfumu. Komanso zilembo za Chiheberi sizikugwirizana: nesher amalembedwa ndi shin, pamene Nisroch ali ndi samekh, ndipo kaf wakumapetoyo amasowa pochokera.

Chomwe chikuoneka n'chakuti dzinali linawonongeka m'manja mwa okopera. Chiheberi chakale chinkalembedwa popanda mavawelo, choncho pampukutu panali zilembo zinayi zokha: נסרך, kutanthauza n-s-r-k. Ikani pambali pake dzina la Nimrod, נמרד, n-m-r-d. Cholembera chikatseka kampata kapansi ka mem (מ), chilembocho chimaoneka ngati samekh (ס). Mwendo wa dalet (ד) ukatalika pang'ono n'kutsika pansi pa mzere, basi wasanduka kaf wakumapeto (ך). Wokopera amene sanamvepo za milungu ya Asuri sakanazindikira kuti walakwitsa, ndipo wotsatira wake ankangokopera zimene waona. Akatswiri ambiri amati Nimrod ndi mmene Aheberi ankatchulira Ninurta, mulungu wa nkhondo ndi ulenje, amene kachisi wake wamkulu ku Asuri anamangidwa ndi Ashurnasirpal II ku Kalhu. Paja Genesis 10 imati Nimrod anali mlenje wamphamvu ndipo imamulumikiza ndi Nineveh ndi Kalhu yemweyo. Ine maganizo amenewa ndi amene ndimawaona olimba.

Ena amati ndi Nusku, mulungu wa moto ndi kuwala. Pamenepa pakufunika kulakwitsa chilembo chimodzi chokha, vav (ו) kusanduka resh (ר), koma Nusku anali mtumiki wa milungu ikuluikulu, ndiye n'zovuta kuti mfumu yodzikweza ngati Sennacherib imutche mulungu wake.

Mipukutu ya Baibulo ya Chigiriki nayo ikusonyeza kuti chisokonezochi n'chakalekale. Ina ili ndi Nasarach, ina Meserach, ndipo wolemba mbiri wachiyuda Josephus analemba kuti Araske.

Pali kafotokozedwe kena kamene ndimakakonda ngakhale si kochokera m'mbiri. Arabi (aphunzitsi achiyuda) a mu Talmud, buku la ziphunzitso zawo, pa gawo la Sanhedrin 96a, anagwirizanitsa dzinali ndi mawu oti neser, thabwa, nati Sennacherib anatola thabwa la chingalawa cha Nowa n'kuyamba kulipembedza. Vesi lomwelo limati ana ake anathawira ku Ararat, dziko limene chingalawa chinaima pamapiri ake, ndiye n'zosadabwitsa kuti maganizo awo anapita kumeneko. Mukhoza kuwafotokozera anawo nkhaniyi, bola muwauze kuti ndi mwambi wa arabi umene unalembedwa patadutsa zaka zoposa 1,000 mfumuyo itaphedwa.