Funsani za Makanema: Ng'ombe yanga yadongo ikunjenjemera

FUNSO: Zikomo bambo. Ndine mnyamata wa Fomu 3. Ndimaumba ng'ombe ndi anthu ndi dongo la kudambo, n'kumazijambula chithunzi chimodzichimodzi pa foni ya achimwene anga kuti zizioneka zikuyenda, zija amati stop-motion. Ndapanga kanema wa mphindi imodzi wa m'busa amene ng'ombe yamuthawa, koma chilichonse chikunjenjemera, kuwala kukuphethira, ng'ombenso ikudumphadumpha m'malo moyenda. Miyendo yake inathyoka ndisanamalize. Ndimajambulira pakhonde masana, zithunzi 5 pa sekondi. Anzanga akuti vuto ndi foni, ndigule kamera. N'zoona kodi? — M.C., Zomba

YANKHO: Mphwanga, ndalama ya kamerayo isunge. Zonse wafotokozazi zingachitikenso pa kamera yodula, chifukwa gwero lake n'limodzi: pakati pa chithunzi china ndi chinzake pakusuntha zinthu zimene siziyenera kusuntha. Pa ntchito imeneyi chidole chokha ndicho chisunthe, ndipo chisunthe pamene iwe wafuna. Foni, thebulo, kuwala, ngakhale kamwala kamene waika kumbuyo, zonsezo ziime nji.

Choka pakhondepo. Dzuwa limayenda, mitambo imadutsa, mthunzi umatalika. Maso ako sakuziona chifukwa amazolowera, koma zimene wajambula kwa maola atatu zimadutsa pa masekondi ochepa, ndiye kusintha konseko kumaoneka ngati kuphethira. Lowa m'chipinda, tseka zenera ndi bulangeti kapena makatoni, uyatse nyali imodzi chammbali mwa zidole. Mbali inayo uimike pepala loyera kuti libweze kuwala, mthunzi usade kwambiri. Ngati nyaliyo ndi yamagetsi, dziwa kuti magetsi athu amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo mababu ena amaphethira mwachangu moti diso silingaone, koma kamera imagwira. Pulogalamu yako yojambulira ikakulola, ika shutter, nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chimodzi, pa 1/50 kapena 1/25 ya sekondi. Tochi ya batire imazilala pang'onopang'ono, choncho uidzaze kaye, ujambule kagawo kakafupi, uidzazenso. Magetsi akazima uli pakati pa kagawo, dikira abwere. Ukasintha nyali, aliyense adzaona pamene unasinthira.

Foni nayonso imadzisinthira yokha kuwala ndi focus (malo amene akuoneka bwino osachita chimbuuzi) pa chithunzi chilichonse. Pa mafoni ambiri ukadina pa sikirini osachotsa chala, zimenezi zimakhomeka. Uvale malaya akuda, chifukwa oyera amabweza kuwala pa zidole, ndipo pojambula uziimirira pamalo amodzimodzi. Foniyo uimange pa njerwa ndi mphira wa chubu ngati ulibe tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, ndipo usaikhudze: batani la voliyumu la mahedifoni limajambula pa mafoni ambiri, apo ayi gwiritsa ntchito timer. Miyendo ya thebulo uilembe mozungulira ndi choko pansi kuti ukaligunda udziwe pobwezera.

Tsopano za dongo, zimene ndazikonda kwambiri m'kalata yako. Dongo la kudambo limauma, likauma limang'aluka, ndipo pansi pa nyali limauma msanga. Akatswiri amagwiritsa ntchito plasticine, dongo lamafuta losauma limene mphunzitsi wa zojambula William Harbutt anapanga ku Bath, ku England, mu 1897 kuti ophunzira ake aziumba n'kumakonzanso. Situdiyo ya makanema a zidole ya Aardman ya ku Bristol, ku England komweko, inatchuka nalo. Komabe sindikufuna utaye dongo lako, chifukwa maonekedwe ake palibe wa ku Bristol angawagule m'sitolo. Uligwiritse ntchito pa zimene sizipindika: mutu, nyanga, linunda, chulu, mbiya, zipupa za nyumba. Uziumbe, ziume. Zopindika monga khosi, miyendo, manja ndi mchira zikhale za waya wokutidwa ndi siponji, pamwamba nsanza za chitenje kapena plasticine pang'ono.

Waya wabwino ndi wa aluminiyamu. Tenga ziwiri kapena zitatu uzipote pamodzi. Ngati unapangapo galimoto ya mawaya, manja ako akuidziwa kale ntchitoyi. Waya wachitsulo wolimba umabwerera ukaupinda, ndiye mwendo sukhala pamene wausiya. Wakopa umathyoka msanga ukaupinda pamalo amodzi kangapo. Kumapazi upinde wayawo ngati kamphete, ubowole thabwa limene zidole zikuyendapo, ulowetse kabawuti kuchokera pansi kuti phazi loponda ligwire. Phazi likanyamuka, bowolo ulitseke ndi dothi. Zidole zopepuka zimagwira ndi mapini kapena Prestik. Ng'ombe yosakhomedwa mapazi imatsetsereka nthawi zonse ukaikhudza, ndipo kunjenjemera kwina ukukuonako n'komweko. Uzigwiranso chidole pamalo amodzi, makamaka kumene kamera sikuona. Mu filimu ya King Kong ya 1933 ubweya wa chinyamacho umaoneka ukugwedezeka, chifukwa zala za ojambula zinkaudinda pa chithunzi chilichonse.

Zithunzi 5 pa sekondi n'zochepa, n'chifukwa chake ng'ombe ikudumpha. Filimu ya ku sinema imayenda pa 24. Ojambula zidole ambiri amajambula 12, chithunzi chilichonse n'kuoneka kawiri. Yamba ndi 12. Pamenepo mphindi imodzi ndi zithunzi 720, ndiye ine ndikuti kanema wotsatira akhale wa masekondi 20 okha, zithunzi 240, koma zoyenda bwino.

Kuchuluka kwa zithunzi pakokha sikukwanira. Chimene chimapatsa chidole moyo ndi mpata umene ukusiya pakati pa malo akale ndi atsopano. Chamoyo sichiyamba kuyenda ndi liwiro lonse: mipata iyambe yaing'ono, ikule pakati, ichepenso poima. Chinthu chogwa ndiye chimangowonjezera liwiro. Bango likachoka pamtengo, chithunzi choyamba litsike muyeso umodzi, chachiwiri itatu, kenako isanu, kenako isanu ndi iwiri. Ng'ombe isanathawe iweramitse mutu, thupi libwerere m'mbuyo pang'ono kwa zithunzi zitatu kapena zinayi, kenako iphulike. M'busa akatembenuka n'kupeza ng'ombe palibe, musiye aime duu kwa zithunzi 8 kapena 12 kuti woonera amve kudabwa kwake. Achinyamata ambiri amaopa kuimika chidole, amaganiza kuti kanema wafa, pamene nkhani imamveka pa kuima komweko.

Pa kuyenda kwa munthu, sitepe imodzi ndi zithunzi pafupifupi 6. Za ng'ombe usaganizire m'mutu. Pita kukhola m'mawa, ujambule yeniyeni ikutuluka, uionere pang'onopang'ono: uona kuti mwendo wakumbuyo umayamba, wakutsogolo wa mbali yomweyo n'kutsatira, mutu ukugwedera pa sitepe iliyonse. Pulogalamu ya Stop Motion Studio ili ndi onion skin, imene imaonetsa chithunzi chapita mozilala pamwamba pa chimene ukukonza. Uiyatse nthawi zonse, ndipo ukajambula zithunzi khumi uzionera kaye usanapitirire. Ukamaliza masekondi 20 aja unditumizire, ndikufuna ndiione ng'ombeyo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Ine ndi ana a Sitandade 7 timadula anthu a mapepala n'kupanga makanema a nthano, koma mawu ndi milomo sizigwirizana. Tichite bwanji? — Mayi T.B., Kasungu

YANKHO: Amayi, mwasankha njira yabwino kwa ana ambiri, ndiponso yakale: Lotte Reiniger wa ku Germany anatulutsa filimu yaitali ya zodulidwa chonchi mu 1926. Vuto lanu likubwera chifukwa mawu mukuwaika pomaliza. Yambani ndi mawuwo. Ana alankhule m'chipinda chabata, foni ili pafupi ndi pakamwa, kenako muike mawuwo mu pulogalamu. Lembani papepala kuti phatikizo lililonse likuyambira pa chithunzi chachingati, ndipo pojambula mutsate pepalalo.

Chichewa chikuthandizani pamenepa, poti maphatikizo ake ambiri amathera pa a, e, i, o kapena u. Dulani milomo isanu ya mawu amenewa, ndi wachisanu ndi chimodzi wotseka wa m, b ndi p. Wotsekawo ndiwo woonera amauyang'anitsitsa: mwana wa pepala akamanena kuti "amama" milomo osakumana, aliyense amadziwa kuti china chalakwika, ndiye uzikhala zithunzi ziwiri nthawi iliyonse. Foni iyang'ane pansi kuchokera pamwamba, ndipo musanajambule chithunzi chilichonse tsindikani mapepalawo ndi galasi loyera kuti asapindike n'kuchita mithunzi. Nyali ikhale chammbali kuti isanyezimire pagalasipo. Pa nthano yaitali wofotokoza azilankhula osaoneka, milomo muisungire mawu ochepa a Kalulu ndi Fisi okha.