Penti wanji wosasungunuka ndikamata chitenje pakhadi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Zomba amene amapanga pamanja makhadi a ukwati ndi a chinkhoswe. Amadula pepala, n'kupakapo utoto, kenako n'kumatapo tizidutswa ta chitenje ndi ta nyuzipepala. Akudandaula zinthu zitatu: pepala likumapindika, utoto ukumachucha akangoika guluu, ndipo makhadi ena anamatana okhaokha ali m'katoni. Akufunsa kuti agule penti wanji.

Zikomo mayi pondilembera. Musanagule botolo lililonse, muziyamba mwadzifunsa kuti penti ameneyu akauma, pamwamba pake pabwera chiyani. Ngati pabwera chinthu chonyowa, kaya ndi guluu kaya ndi penti wina, mukufunika penti woti akauma asamvenso madzi. Nkhani yonse yagona pamenepa.

M'botolo la penti muli ufa wa utoto ndi chomata chimene chimagwirizira ufawo papepala. Kusiyana kwa mapenti kuli pachomatacho. Watercolour ndi gouache, mapenti ojambulira osungunula ndi madzi, amamangidwa ndi gum arabic, utomoni wa mitengo yaminga ya m'gulu la mthethe, umene wambiri umachokera ku Sudan. Utomoniwu ukangokhudzana ndi madzi umasungunukanso, ngakhale patapita chaka. Poster paint wa ana asukulu naye amadzuka ndi madzi chimodzimodzi, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuganiza kuti ndi amene muli naye. Guluu woyera uja wa akalipentala ndi wamadzi, ndiye mukamupaka pamwamba pa utoto wotere kuli ngati kuthira madzi pachoko.

Acrylic ndi wosiyana. Chomata chake ndi tinthu ta pulasitiki toyandama m'madzi. Madziwo akauma, tinthuto timagwirana n'kupanga kachikopa kopyapyala kamene sikasungunukanso. Mukapaka mopyapyala, mphindi 15 kapena 20 zimakwana, n'kumata nsalu yanu popanda mantha. Pantchito yanuyi, uyu ndiye woyenera kukhala pansi. Watercolour ndi gouache musawataye ayi, muziwagwiritsa ntchito pomalizira, monga timaluwa ndi timadontho tapamwamba pomwe sipabweranso guluu.

Acrylic nayenso ali pawiri. Pali wa akatswiri ojambula, wa m'machubu, monga wa Liquitex, kampani ya ku America imene inayamba kugulitsa acrylic wosungunula ndi madzi cha m'ma 1950. Palinso wa ntchito zamanja, wa m'timabotolo ta 59 ml ngati FolkArt ndi DecoArt Americana, kapena Dala wa ku South Africa, amene mutha kutuma wachibale wa ku Joni kuti akubweretsereni. Wa m'timabotoloyu utoto wake ndi wochepa mphamvu, ndiye nthawi zina pamafunika kupaka kawiri. Koma amayenda bwino ndi burashi, ndipo amauma mbuu, osanyezimira, zimene zimathandiza kuti cholembera chigwire. Khadi la ukwati si chithunzi chokapachika kunyumba yosungira zakale, choncho ine sindiona chifukwa choonongera ndalama pamachubu odula. Woyera yekha ndiye mugule wabwino ndiponso wamkulu, wolembedwa titanium white kapena PW6, chifukwa ndi amene amatha msanga ndipo wotchipa saphimba zilembo za nyuzipepala. Kumbukiraninso kuti acrylic akauma amada pang'ono kuposa mmene amaonekera ali wonyowa.

Za kupindika kwa pepala, penti alibe mlandu waukulu. Pepala lofotokopera limakhala 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), ndipo likanyowa mbali imodzi limafufuma mbali yomweyo n'kupindika ngati tsamba la chimanga padzuwa. Funani la 250 gsm kupita m'mwamba. La watercolour lenileni nthawi zambiri limakhala 300 gsm. Limateni m'mbali zonse ndi tepi pathabwa musanapake, chepetsani madzi kuburashi, ndipo likauma muliike pansi pa mabuku olemera usiku wonse. Pepala lopangidwa pamanja, ngati lija amapanga a PAMET ku Blantyre kuchokera ku mapepala otayidwa ndi ulusi wa zomera, ndi lokongola kwambiri pakhadi koma limamwa madzi ngati siponji. Pamenepo muyambe ndi gesso, penti woyera wokhala ndi choko amene amatseka timabowo ta pepala. Gesso akasowa, ine ndimapaka penti woyera wa khoma, wa PVA uja, mopyapyala kwambiri. Amagwira ntchito, kungoti musadutse naye popinda khadi chifukwa amang'aluka.

Pamene ndatchula penti wa nyumba, wa oilo wopaka zitseko ndi mawindo musamuyese n'komwe. Ndinachitapo zimenezi ndikuyamba kumene, nditapeza chitini chotsala cha buluu. Mmawa mwake mafuta anali atalowerera mpaka kuseri kwa pepala, ndipo fungo silinachoke m'chipinda kwa masiku angapo.

Kumatana kwa makhadi kuja kutha kukuonekeraninso ndi acrylic, ndiye ndikuchenjezerenitu. Pulasitiki wake amafewa kukatentha. M'mwezi wa Okutobala, makhadi awiri oyang'anizana kumaso amagwirana, ndipo powalekanitsa utoto umakanganuka. Wonyezimira ndiye amavuta kwambiri. Asiyeni agone poyera tsiku lathunthu, ndipo nthawi yamvula, pamene chinyezi cha ku Zomba sichisewera, masiku awiri. Powalongedza muziika kapepala kophikira keke pakati pawo. Kutentha komweko kumaumitsa penti m'mbale musanathe khadi lachitatu, choncho finyirani pang'onopang'ono. Mbale yake muyalemo kansalu konyowa ndi pepala lophikira keke pamwamba, penti amakhala wofewa kwa maola angapo. Burashi nayo isaume ndi acrylic, chifukwa ikauma yatha ntchito.

Pali chinanso chimene simunafunse koma mukumana nacho. Mawu osindikizidwa ndi printa ya inki yamadzi amafalikira akakhudzidwa ndi guluu, pomwe a fotokope sasuntha. Mayina a akwati muziwafotokopa. Chitenje chatsopano muzichichapa kaye, chifukwa china chimatulutsa utoto.

Mukafuna mtundu wofiirira wadothi, simukuyenera kupita kusitolo. Kufiira kwa katondo kumachokera ku dzimbiri la chitsulo, lomwenso limapanga utoto umene m'machubu amaulemba kuti red ochre. Umitsani katondoyo, mumusinje, mumusefe ndi kansalu, n'kumusakaniza ndi guluu woyera ndi madzi pang'ono. Amatuluka wokhakhala ngati khoma la nyumba ya kumudzi, ndipo pambali pa chitenje chachikasu amakhala bwino zedi. Muyambe mwayesa pakachidutswa ka pepala lomwelo, chifukwa dothi la ku Malosa ndi la ku Thondwe mwina silingafiire mofanana.