Ayi, Eckener sanali mu Hindenburg tsiku limene inapsa

Owerenga ena andilembera pa imelo kufunsa ngati Hugo Eckener, kaputeni wotchuka wa ku Germany, ndiye ankayendetsa chindege chachibaluni cha Hindenburg pamene chinayaka moto, komanso ngati anali woyendetsa ndege kuyambira ali mnyamata. Zikomo achimwene chifukwa cha funsoli. Mayankho onse awiri ndi ayi.

Pa 6 May 1937, Hindenburg itayaka ku Lakehurst m'dziko la America n'kupha anthu 36, amene ankailamulira anali Max Pruss. Eckener anali ku Austria. Nkhani anangoimva ngati wina aliyense.

Koma mbiri yake ndi yokoma kuposa ngoziyo. Anabadwira ku Flensburg, kumpoto kwa Germany, mu 1868, ndipo ku yunivesite ya Leipzig anaphunzira za kaganizidwe ka munthu. Za ndege analibe nazo ntchito. Anali mtolankhani, ndipo Count Zeppelin, mkulu amene ankapanga zindege zachibaluni, atayamba kuyesa zindege zake pa nyanja ya Bodensee, Eckener ankalemba m'nyuzi ya Frankfurter Zeitung kuti zinthuzi zili ndi zolakwika zambiri. Mkuluyo m'malo mokwiya anakumana naye, anakambirana, mpaka wotsutsa uja anakhala wantchito wake. Chilolezo choyendetsa anachipeza mu 1911, ali ndi zaka zopitirira 40.

Ulendo wake woyamba ngati kaputeni unamuchititsa manyazi. Ku Düsseldorf, mu May 1911, anatulutsa chindege cha Deutschland II m'nyumba yake mphepo ikuwomba, mphepoyo n'kuchimenyetsa pakhoma. Palibe anafa, koma chindegecho chinatheratu. Ine ndimaona kuti Eckener amene dziko linadzamudziwa anabadwa tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo ankaphunzira zanyengo ngati mlimi woyang'ana mitambo, ndipo mphepo ikakhala yokayikitsa ankalepheretsa ulendo ngakhale okwera atalipira kale.

Kusamalako n'kumene kunamufikitsa kutali. Mu October 1924 anawolotsa chindege cha LZ 126 pa nyanja ya Atlantic kukachipereka kwa Amereka ngati gawo la malipiro a Germany a nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Mu 1928, pa ulendo woyamba wa chindege cha Graf Zeppelin wopita ku America, namondwe anang'amba nsalu ya chipsepse chakumbuyo, ndipo mmodzi mwa amene anakwera kukakonza ali mumlengalenga anali mwana wake Knut. Taganizani, bambo ali kutsogolo akudziwa kuti akathamangitsa kwambiri mwana agwera m'nyanja. Mu August 1929 anazungulira dziko lonse m'masiku 21, kudzera ku Friedrichshafen ku Germany, Tokyo ndi Los Angeles. Mu 1931 anakafika kudera lozizira la Arctic.

Ndale ndizo zinamutsitsa. Sankabisa kuti chipani cha Nazi sankachikonda, ndipo mu 1936 Goebbels, nduna yofalitsa nkhani m'boma la Nazi, analamula kuti dzina lake lisamatchulidwe m'manyuzi. N'chifukwa chake Ernst Lehmann, kaputeni mnzake yemwe ankamvana ndi boma, ndiye anakwezedwa paudindo m'malo mwake. Lehmann anali mu Hindenburg tsiku lija, ndipo anamwalira ndi mabala a moto mawa lake.

Zindegezi zinkadzazidwa ndi mpweya wa haidirojeni umene umayaka msanga, popeza America inkaletsa kugulitsa kunja mpweya wa helium wosayaka. Ngoziyo itachitika, Eckener anapita ku America kukapempha helium, koma sanamupatse. Anamwalira ku Friedrichshafen mu August 1954, ali ndi zaka 86.