Mudzi wanu wa pa Clash of Clans ndi wa ndani?

Wina wanditumizira imelo. Akuti akufuna kugula akaunti ya Clash of Clans, gemu ya pafoni yomanga mudzi n'kumamenyana ndi midzi ya osewera ena, kwa mnyamata wina wa pa Facebook, koma wamva zoti kampani yopanga gemuyi inagulidwa ndi Matchaina, ndiye akuopa kuti gemuyi ingatsekedwe iye atangolipira kumene.

Achimwene, Matchaina asiyeni kaye. Amene akundidetsa nkhawa ine ndi mnyamata wa pa Facebook uja.

Ife pachibale tinali ndi clan yathu, gulu losewera limodzi. Wina anali ku Johannesburg, wina ku Mzuzu, enafe kuno, ndipo pa clan war, nkhondo ya magulu, munthu akagona osamenya ankadzudzulidwa pa WhatsApp mpaka mmawa. Msuweni wathu wamng'ono, yemwe amayendetsa kabaza, ndiye ankasekedwa kwambiri chifukwa Town Hall yake, nyumba yaikulu ya mudzi wa m'gemu, inali yotsalira. Anayamba kusunga ndalama mu chitini cha mkaka, tsiku lililonse kapang'ono, nkhomaliro osadya bwino. Atapeza wogulitsa anatumiza ndalama pafoni, napatsidwa akaunti ya makoma okwera, asilikali amphamvu, zonse zili mbwee. Anatimenyera nkhondo zingapo akunjanja. Tsiku lina m'mawa akuti alowe, yakana. Wogulitsa uja anali atabweza akaunti pogwiritsa ntchito imelo yake yoyamba, nambala n'kutseka. Mwanayo anabwera kwathu maso ali psuu, akuti tipite kupolisi. Ndinamufunsa kuti tikakanena kuti atibera mudzi, akatifunsa kuti uli kwa T/A uti, tikayankha chiyani? Sanaseke. Inenso nditaona nkhope yake kuseka kunandithera.

Chimene chimandipweteka n'chakuti wakubayo anagulitsa chinthu chomwe ngakhale iye sichinali chake. Malamulo aja timangodina "agree" osawerenga amanena poyera kuti wosewera wangopatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito gemu, ndipo kugulitsa kapena kugula akaunti n'koletsedwa. Ma gems (ndalama za m'gemu), makoma, zaka zonse mwakhala mukumanga, zonsezo zili pa makompyuta a eni ake.

Eni akewo ndi Supercell, kampani ya ku Helsinki m'dziko la Finland, yomwe inayamba mu 2010 ndipo inatulutsa Clash of Clans mu 2012. Mu 2013 makampani a ku Japan, SoftBank ndi GungHo, anagula magawo 51 pa 100 aliwonse a kampaniyi pa madola pafupifupi 1.5 biliyoni. Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Tencent ya ku Shenzhen, ku China, linagula magawo oposa 80 pa 100 pa madola 8.6 biliyoni. Ndiye zimene mwamvazo ndi zoona, koma ndi zakale ndithu. Gemu sinatsekedwe, ndipo bwana wamkulu Ilkka Paananen, mmodzi wa oyambitsa, anakhalabe pampando.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa anthu akati "Matchaina" amaiwala kuti Tencent nayo ili ndi eni masheya. Mu 2001 Naspers ya ku Cape Town inagula pafupifupi theka la Tencent pa madola 32 miliyoni okha. Naspers yomweyo inali mwini wa MultiChoice, ya DStv ija, mpaka 2019. Lero masheya ake a Tencent amasungidwa ndi kampani yake ya Prosus, yomwe ili pa msika wa masheya wa ku Amsterdam, ndipo atsika kufika cha m'ma 25 pa 100 kapena kucheperapo.  Mbale wathu wa ku Johannesburg akagula ma gems, kaphindu kena kamazungulira dziko n'kukagwera anthu a m'dziko lomwelo lomwe iye amakolopa m'shopu.

Ndalama zimachokera kuti?

Gemu ndi yaulere, inde, koma kudikira n'komwe amagulitsa. Mukayamba kumene, nyumba imamangika m'mphindi zochepa. Mukakwera, kukweza chinthu chimodzi kumatenga masiku, ndipo batani lobiriwira la ma gems limakhala pomwepo likukuyang'anani. Osewera ambiri salipira kanthu, ochepa olipira kwambiri ndiwo amanyamula ena onse, ndipo Apple ndi Google kwa zaka zambiri akhala akudulapo 30 pa 100 pa zogula za m'masitolo awo. Ine sindikuona kuba pamenepa, ndi malonda. Koma munthu wouza mwana kuti akaunti ndi chuma chomwe adzagulitse mtsogolo, ameneyo ndi wabodza, ndipo sindibweza mawu. Gemu ikasiya kulowetsa ndalama imathetsedwa, mwini akhale wa ku Finland kapena wa ku China. Supercell yomweyo inathetsa Clash Mini mu 2024.

Ndiye yankho lanu: Clash of Clans siikutsekedwa chifukwa cha Tencent. Akauntiyo musagule. Mangani yanu, muilumikize ku Supercell ID, njira ya kampaniyi yosungira akaunti, ndi imelo yomwe password yake mukuidziwa nokha, ndipo ndalamazo mugulire bandulo.